Za chipilala cha asilikali pa bwalo la sukulu

Mlembi: Moni nonse abale ndi alongo. Ganizo la pa msonkhano wa Lamulungu lija ndi ili: pa chisangalalo chathu cha Disembala kumudzi tiitane asilikali akwathu, opuma ndi amene akugwirabe ntchito, tiwalemekeze pagulu, komanso timange kachipilala pa bwalo la sukulu kolemba maina awo. Yankhulani pompano, zodzang'ung'udza kuseri ayi.

Wa ku Joni: Chipilala?? mjigo wa kuseri kwa tchalitchi unafa nthawi yokolola mpaka lero amayi akutunga kumtsinje, ife tikathire simenti pa chinthu choti mbuzi zizikandirapo msana. Ndalama kuno timaipeza movutika abale

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, za mjigo sindikukana. Koma ukadzafika ku Zomba ukaime pa nsanja ija ya pafupi ndi Cobbe Barracks, pali maina a anyamata a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda) amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Chaka chilichonse mu Novembala akuluakulu amakaika nkhata za maluwa pamenepo ndi ku Area 18 ku Lilongwe, 11 koloko ikakwana onse ziii. Nanga wa kuno ku Phalombe amene angalipire thiransipoti kukaona zimenezo ndani? Agogo anga aamuna sanagwire mfuti, anali a mtengatenga, anawasenzetsa katundu wa nkhondo ulendo wakumpoto wapansi osabweranso. John Chilembwe analemba kalata mu 1914 kudandaula zoti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza, za anthu ngati agogowo. Dzina lawo silili pa mwala uliwonse.

Wa ku Joni: Pepani aphunzitsi sindimadziwa zimenezo. Komabe madzi

Mdzukulu wa msilikali: Agogo athu aamuna anapita ku Burma nkhondo yachiwiri. Mamendulo awo ali mkachitini ka fodya pansi pa bedi la agogo aakazi, nsalu zake njenjete zinadya kale. Akamwa kachasu ankatifoletsa ndi mipini ya makasu pabwalo, leftirayiti mpaka ku nkhokwe ndikubwerera, ife kuseka osadziwa kuti munthuyu usiku sagona. Maliro awo panalibe ndi mmodzi yemwe anatchula za nkhondoyo. Ine chipilala ndikuchifuna basi.

Mayi a ku Leeds: Kuno Novembala akafika aliyense kaduwa kofiira pa chifuwa, ngakhale ku mpira amayamba akhala chete kaye. Chaka chatha ku tchalitchi ndinakhala pafupi ndi gogo wina wachizungu, atamva kuti ndine wa ku Malawi anangondigwira dzanja akuti bambo ake anali ndi asilikali a ku Nyasaland ku Burma komweko. Pano ndi mnzanga weniweni, nsima anaphunzira kudya ndi manja ngakhale amaotcha zala. Ali ndi zithunzi zakale mu chikwama, ndizijambula nditumize pano mwina wina aona nkhope ya kwawo

Mdzukulu wa msilikali: Tumizani anti chonde!! athu anali ndi mpata kumano

Sajenti opuma: Ndakhala ndikuwerenga phee. Zikomo potiganizira, koma ndinene mosabisa. Kutilemekeza kwake kusakhale kotikhazika pa dzuwa maola anayi andale akusinthana maiki kenako fanta mmodzi aliyense. Tinaziona zimenezo. Anzathu asanu ndi mmodzi anafa ku Congo mu Novembala 2018, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, UN inamupatsa mendulo yapamwamba mu 2019 iye kulibe. Mendulo ndi yabwino koma ana otsala amafuna fizi. Mmudzi mwathu momwemu muli amayi amasiye a asilikali, yambani mwawaona amenewo. Chinanso, ovala yunifolomu simungangowaitana pa WhatsApp, mulembe kalata kwa akuluakulu awo nthawi ikadalipo.

Mayi a ku Leeds: A Sajenti mwalasa

Wa ku Joni: Ine mfundo ya a Sajentiyi nde ndagwirizana nayo. Komanso tisaiwale asilikali a nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mai anga anawaolotsa pamsana ndi msilikali madzi ali mchifuwa, mnyamata wa ku Rumphi Chichewa chake chokhotakhota, mpaka lero amaimba foni kufunsa kuti amama ali bwanji, chaka chino anawatumizira ya feteleza pa Mpamba. Si wakwathu koma ameneyo aitanidwe, thiransipoti ndilipira ndekha

Aphunzitsi opuma: Waona tsono, wayamba kufewa.

Wa ku Joni: Sindinafewe aphunzitsi mjigo uli pomwepo kkkk

Msungichuma: Ndalama zilipo sizingakwane zonse ziwiri, ndanena kale kangapo. Mjigo amakaniki akuti ndi mapaipi ndi marabala, zimenezo tingathe. Bwanji maina tiwalembe ndi penti pa khoma la buloko ya Sitandade 8 loyang'ana kubwalo, ahedi akalola? Chipilala chidzabwere chaka china. Zotsala tigule mabulangete ndi matumba a chimanga a amayi amasiye aja

Sajenti opuma: Pakhoma pali bwino, ana aziwerenga akamafola mmawa.

Wapampando: Chabwino. Mjigo uyambe sabata ino. Alembi kalata ya ku barracks ndi ya ahedi. Aphunzitsi ndi a Sajenti muyende mmidzi ndi mafumu kutolera maina, a mtengatenga alowe nawo.

Mdzukulu wa msilikali: Funso limodzi a Tcheya. Agogo polembetsa usilikali mzungu analephera kutchula dzina lawo la Chilomwe nde anangowalemba lina, pa mendulo pali limenelo koma kumudzi palibe ankawaitana choncho. Pakhomapo tilemba liti?

Aphunzitsi opuma: Onse awiri. Msungichuma awonjezere kachitini kena ka penti.