Zithunzi zakuda ndi zoyera pachionetsero: mtima wa wojambula umalowa pati?

Mayi wa Awiri: Ndinakaona chionetsero cha zithunzi zakuda ndi zoyera ku myuziyamu. Pakhomo analemba kuti zithunzizo zikuonetsa zamumtima mwa ojambula. Chimodzi sichikundichoka m'mutu: mpando wopanda munthu pafupi ndi zenera, theka la chipinda lili bii, kuwala kwagwera potsamira pokha. Chinandikhudza ndithu. Koma kamera imangotenga zimene zili patsogolo pake, ndiye mtima wa munthu ukulowa pati? Nanga kuchotsa mitundu si kuchotsako choonadi? Ndithandizeni akuluakulu.

Wotsuka Zithunzi: Mayi, mdima munauonawo sunabwere wokha, alipo amene anaufuna. Ine ndagwira ntchito m'chipinda chotsukira zithunzi, pansi pa getsi lofiira lija. Negetivu imodzi, kutanthauza filimu yotsukidwa imene timaunikira papepala kuti chithunzi chituluke, ingakupatseni zithunzi zosiyana kwambiri. Pounikira pepala mumatchinga mbali ina ndi dzanja kuti iyere, mbali ina mumaisiyira kuwala nthawi yaitali kuti ide. Ansel Adams anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico mu 1941. Zimene anatsuka poyamba thambo linali lotuwirako, koma m'zaka zotsatira ankalidetsa mpaka kukhala bii, negetivu ili yomweyo. Mudzi sunasinthe, anasintha ndi munthuyo. N'chifukwa chake ine pachionetsero ndimayang'ana chaka chojambula ndi chaka chotsuka, ngati alemba zonse ziwiri.

Mnyamata wa Kamera: Bambo, ndikuvomera, koma tisakometse kwambiri. Ambiri akale ankajambula zakuda ndi zoyera chifukwa filimu ya mitundu inali yodula komanso yovuta kutsuka, ngakhale filimu ya mitundu yotchedwa Kodachrome inalipo kuyambira 1935. Ndipo mu 1976 Museum of Modern Art ya ku New York inaonetsa zithunzi zamitundu za William Eggleston, nazonso zili ndi mtima wa mwini wake.

Mphunzitsi wa Zaluso: Achimwene mwanena zoona, kusowa kwa mitundu pakokha sikupanga luso. Chimene kumachita ndi kulanda diso zinthu zolisokoneza. Malaya ofiira akachoka, mumatsala ndi nkhope, manja, mthunzi. Taonani za Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako m'dziko la Mali mu 1948: nsalu zamaluwa kumbuyo, zovala zamaluwa kutsogolo, zikanakhala zamitundu bwenzi zikulimbana, koma pazakuda ndi zoyera zimagwirizana ndipo munthu wakhala pampandoyo amaonekera ndi ulemu wake wonse. Alfred Stieglitz anafika pojambula mitambo yokhayokha m'zaka za m'ma 1920, pofuna kusonyeza kuti chithunzi chingathe kunyamula zimene munthu akumva popanda nkhope kapena malo odziwika.

Mayi, mukapitanso musafulumire. Magetsi a m'zipinda zimenezi amawachepetsa dala poti kuwala kochuluka kumawononga pepala, choncho maso amafuna kamphindi kuti azolowere. Akazolowera, sendererani pafupi muyang'ane m'malo akudawo. Pachithunzi chotsukidwa bwino mumapezeka tinthu tambiri timene pafoni sitioneka.