Ducati Monster M900 ikudetsa mapulagi, tiyambire pati?

Sipanala10: Akuluakulu, mu galaja mwalowa Ducati Monster M900 ya 1996. Ukaponda moto pang'ono ikutsamwa, mapulagi onse awiri akuda bii ndi mwaye, petulo ikumwa mosaneneka. Fyuluta ya mpweya ndi yatsopano, makabuleta atsukidwa. Kilatchi nayonso ikusokosa.

MkuluWaInjini: Za kilatchizo zisiyeni achimwene. Ya 900 ndi youma, sikhala mu oyilo, ndiye imalira choncho. Vuto lili mu makabuleta a Mikuni a 38 mm aja. Kachubu komwe singano yoyeza petulo imalowa, emulsion tube, kamadyeka chifukwa singanoyo imagwedezeka n'kumakhula m'mbali. Bowo lozungulira limasanduka ngati dzira, petulo n'kumadutsa wochuluka pamene moto uli wochepa. Kutsuka sikuthandiza. Kachotseni, kayang'aneni pa kuwala, muona nokha. Sinthani machubu onse awiri, singano ngati zakulika, onani ma float (zoyandama zomwe zimayeza mlingo wa petulo mu kabuleta), kenako mufananitse makabuletawo ndi geji ya vacuum.

Sipanala10: Zamveka bwana. Koma zipangizo za Monster yakale chonchi zipezeka?

Desmo904: Funsani za 900SS, njinga ina ya Ducati. Miguel Galluzzi popanga njingayi anatenga injini ya 900SS, ya 904 cc, masilinda awiri okhala ngati L, mavaluvu awiri pa silinda, n'kuiika mu fulemu ya mapaipi yochokera ku banja la njinga za Ducati 851 ndi 888. Anaionetsa ku Cologne, ku Germany, mu 1992, kugulitsa kunayamba 1993. Makabuleta ndi a mtundu umodzi, koma werengani manambala a majeti (timabowo todutsa petulo) musanagule. Za 900 ya 2000 kupita m'tsogolo musagule, imeneyo ndi ya fuel injection, ilibe makabuleta.

MkuluWaInjini: Poti thanki mwaikweza kale kuti mufike pa makabuleta, pimanitu mipata ya mavaluvu injini ili yozizira. Pa injini ya desmo ngati iyi valuvu imatsekedwa ndi rocker (kamkono kachitsulo) yachiwiri, ndiye mashimu, tizitsulo tosinthira mpata, ndi awiri pa valuvu iliyonse. Mpata wotsegulira ukhale 0.10 mpaka 0.15 mm, wotsekera usapitirire 0.05 mm. Wotsekerawo ukakula, kawirikawiri ndi timawaya ta half ring togwira shimu tomwe tadyeka, ndipo idle (kulira kwa injini usanaponde moto) imavuta ngakhale makabuleta ali bwino.

Desmo904: Malamba a timing, oyendetsa mavaluvu, mumufunse mwini wake kuti anasinthidwa liti. Akadutsa zaka 2 kapena makilomita 20,000, sinthani osakambirana, chifukwa lamba akaduka pisitoni imamenya valuvu. Pokunga, allen key ya 5 mm idutse pakati pa lamba ndi rola yosasuntha, ya 6 mm ikane. Zungulitsani injini ndi dzanja kawiri, muone ngati zizindikiro zikukumana, musanailize.