Ku Joni kapena ku Israel, munthu amakhala ndi mtendere kuti?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimagula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa ku Lilongwe, koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba ukungonyenyeka.

Achimwene ali ku Joni akuti ndipite, maganyu a m'magaladeni alipo. Komatu iwowo amagona anayi chipinda chimodzi, ndipo akaona galimoto ya apolisi amalowa pakona chifukwa masiku a papasipoti anatha kalekale. Mnzanga wina akuti bola minda ya ku Israel, ngakhale kumamveka mabomba.

Za malipiro ndamva zokwanira. Inu amene munakhalako, tulo mumagona? Mukadwala amakuyang'anirani ndani? Kumudzi kukagwa maliro mumatani? Ndikusiya ana awiri ndi mayi okalamba ku Chipoka, ndiye musandinamize chonde.