Dzanzi m'manja: kolala ya m'khosi ndigule kapena ayi?

Telala wa ku Mbare: Abale, ndithandizeni maganizo. Dzanja langa lamanja likuchita dzanzi usiku, mpaka ndimadzuka n'kumalikutumula. Dzulo singano inapulumuka katatu osaimva n'komwe. Kuchipatala anati ndi carpal tunnel syndrome, kupanikizika kwa mtsempha pamfundo ya dzanja. Chodabwitsa n'chakuti ndikatambasula mkono n'kupendeketsa mutu kumanzere, dzanzilo limakula. Kufamase ina kuno ku Harare m'tauni kolala ya m'khosi akuti madola 15. Ndigule?

Malume a ku Highfield: Gulani mphwanga. Ine nditachita ngozi ya kombi ndinavala, inandithandiza kwambiri.

Mayi a ku Mufakose: Malume, yanu inali ngozi, izi ndi zina. Achimwene, ndi zala ziti?

Telala wa ku Mbare: Chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Kakang'ono kali bwinobwino.

Mlongo wa mafizo: Umenewo ndi mtsempha wa median, womwe umachititsa kuti zala zimenezo zizimva kukhudza. Umachokera m'khosi, n'kudutsa kukhwapa, pachigongono, mpaka kulowa m'kampata kopanikiza pamfundo ya dzanja, momwe umadutsa pamodzi ndi minyewa 9 yopinda zala. Inu ndinu telala, ganizani za ulusi wochoka pamwamba pa makina kukafika pa singano. Mukapendeketsa mutu mumaukoka kumtunda, ndipo mtsempha wabwino umasendera pang'ono. Ukapanikizika kudzanja susendera bwino, n'chifukwa chake mukumva choncho. Kumanga khosi sikutsegula kampatako. Kolala mukaivala masiku ambiri khosi limangouma ndi kufooka.

Malume a ku Highfield: Koma ngati gwero lili m'khosi?

Mlongo wa mafizo: Zimatheka malume, ena amapanikizika malo onse awiri. Zikatero pamakhala ululu wotsika kuchokera m'khosi kupita paphewa ndi mkono. Zimenezo akaone dokotala, osati kungogula chinthu pakauntala.

Mayi a ku Mufakose: Ine zinandigwira ndili woyembekezera. Chinandigonetsa tulo ndi sipulinti ya dzanja, ija ili ndi kachitsulo mkati, yovala usiku kuti dzanja lisapindike. Mukayezetsenso shuga, achimwene.

Mlongo wa mafizo: Eya, ndalamayo ipite ku sipulinti. Koma mukaona mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukuphwa, kapena dzanzi losachoka usana wonse, musadikire, bwererani kuchipatala.

Telala wa ku Mbare: Mnofuwo ndauyang'ana, uli chimodzimodzi ndi wa kumanzere. Kolala ndaisiya. Sipulintiyo imakhala ndi masaizi, kapena ndi imodzi kwa aliyense?

Mayi a ku Mufakose: Ilipo ya kumanja ndi ya kumanzere, masaizinso alipo. Mukayese konko musanalipire.