Tiwasamale bwanji agogo oyandikana nafe, ndithandizeni nzeru

Abale anga ndithandizeniko maganizo. Kuno ku Chilomoni kuseri kwa nyumba yanga kuli agogo ena aakazi, zaka zapitirira 80, akukhala okha chimwalirireni amuna awo, ana awo awiri ali ku Joni amangotumiza kangachepe mwa apo ndi apo. Mwezi wathawu anagwa usiku popita kuchimbudzi ndiye kuchokera pamenepo kuyenda kukuvuta, amangokhala chogona pamphasa, komanso ali ndi BP.

Ife amayi anayi apafupi tinagwirizana zosinthana, wina kutunga madzi, wina kuphika phala m'mawa, ine ndimawasambitsa ndi kuwachapira, koma zikutivuta chifukwa tonse timapita kugeni ndiye masana amakhala okha mpaka 4 koloko. Zakumudzi akukaniratu, akuti akafikira kwa ndani, komanso mukudziwa mmene okalamba amanamiziridwira ufiti, ine sindingawakakamize ayi.

Ndiye inu amene munasamalirapo okalamba ogona, mumatani kuti asatuluke zilonda? Tayamba kuona pofiira m'chiunomu ndipo zikundidetsa nkhawa, kodi kuwatembenuza pafupipafupi ndikokwanira? Chimbudzi chawo ndi chokumba chonjuta, alipo anapangitsapo kampando kobowola kwa kalipentala, zinathandiza? Nanga za Mtukula Pakhomo kapena a MANEPO, bungwe loona za okalamba, munthu amayambira pati, kwa amfumu kapena ku ofesi ya Social Welfare? Amvano akutchalitchi kwawo amabwera Lachinayi kudzapemphera nawo, ndikufuna ndiwapemphe azitengako masana ena koma ndiyambe bwanji kuti zisaoneke ngati ndikuwalamula?