Ngati ubongo umadya shuga, bwanji osangomwa zotsekemera?

Mphatso_K:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ena amati ubongo umadalira shuga, ndiye munthu wofuna kuwerenga kapena kuganiza kwambiri azimwa zotsekemera. Ena akuti shugayo ndiye amawononga ubongo, bola kusiyiratu zakudya za sitachi. Zoona ndi ziti? Nanga munthu akatandala osadya, ubongo mphamvu umazitenga kuti?

Nachisale:
A Mphatso, onsewo agwira chidutswa chabe cha nkhaniyi. Ubongo umalemera magawo 2 okha pa 100 alionse a thupi, koma umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zimene thupi limagwiritsa ntchito munthu akungopuma. Kwa munthu wamkulu, amenewa ndi magalamu pafupifupi 120 a glucose (shuga wa m'magazi) patsiku, usana ndi usiku womwe, poti ubongo sugona tulo. Vuto lake n'loti ulibe nkhokwe yodalirika, umangodalira zimene magazi abweretsa nthawi yomweyo.

Koma musaganize kuti shuga akachuluka m'magazi nzeru nazo zichuluka. Glucose amalowa mu ubongo kudzera m'timakomo totchedwa GLUT1, ndipo maselo amangowotcha amene akufunikira. Wotsalayo amapita kuchiwindi ndi kuminofu, wina n'kusanduka mafuta. Chimene ubongo umafuna ndi shuga wosakwerakwera, wosatsikatsika. N'chifukwa chake mbewu zosapuntha kwambiri, nyemba, masamba ndi chakudya chokhala ndi mapuloteni zimaposa chakumwa chotsekemera: zimagayika pang'onopang'ono. Shuga wokwera kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, ndipo odwala matenda a shuga amakhala pachiopsezo chokulirapo cha sitiroko ndi matenda oiwalaiwala.

Za kusadya: chiwindi chimasunga magalamu pafupifupi 100 a shuga wotchedwa glycogen, amene amatha pakadutsa tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kenako chimayamba kupanga glucose watsopano kuchokera ku mapuloteni ndi glycerol (kachigawo ka mafuta). Njala ikapitirira masiku angapo, chimaphwanya mafuta n'kupanga ma ketone, zinthu zimene ubongo ungawotche m'malo mwa glucose. Wasayansi George Cahill ndi anzake anaonetsa mu 1967 kuti munthu akasala kwa milungu ingapo, ma ketone amapereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu za ubongo. Gawo lotsalalo limafunabe glucose, zivute zitani.

Gondwe:
Ndionjezepo chimene ambiri amachiiwala: nkhuni zikhoza kukhalapo koma machesi palibe. Kuti selo liwotche glucose mpaka kumapeto, pamafunika vitamini B1. Thupi limasunga mamiligalamu pafupifupi 30 okha, ndipo amatha m'milungu 2 kapena 3. Amene amagwa m'vutoli ndi omwa mowa mwauchidakwa, amayi oyembekezera osanza mosalekeza, ndi amene akhala nthawi yaitali osadya mokwanira. Zizindikiro zake ndi kusokonezeka mutu, kudzandira poyenda, ndi maso kugwedera kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Amatchedwa matenda a Wernicke. Munthu wotereyu mukamupatsa diripu ya glucose kwa nthawi yaitali popanda B1, mumamalizitsa kavitamini kotsalako ndipo akhoza kuipiraipira. Achipatala amapereka ziwirizi pamodzi, ndipo akachedwa, munthu amatha kutsala ndi vuto losakumbukira zatsopano moyo wake wonse.

B12 njira yake ndi ina. Amateteza chikuta cha mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo pamafunika mamayikulogalamu 2.4 okha patsiku, kuchokera ku nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Chiwindi chimamusunga kwa zaka, ndiye vuto limabwera mozemba: dzanzi m'mapazi, kuyenda ngati waponda thonje, kuiwalaiwala. Osadya zanyama, okalamba, ndi omwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri aziyezetsa. Ndipo chonde, osangomwa vitamini wina uja wa folic acid yekha poona kuti magazi achepa, chifukwa amakonza magaziwo pamene mitsempha ikuwonongekabe.

Mphatso_K:
Zikomo kwambiri. Ndiye kadyedwe ka keto kaja, kodya mafuta ambiri n'kuchepetsa kwambiri sitachi, n'kabwino ku ubongo?

Nachisale:
Kali ndi malo ake. Dokotala Russell Wilder wa pachipatala cha Mayo Clinic ku America anakayambitsa mu 1921 ngati chithandizo cha khunyu, ndipo mpaka lero kamathandiza ana ena amene mankhwala akanika. Muyezo wake weniweni ndi magalamu 4 a mafuta pa galamu imodzi ya mapuloteni ndi sitachi pamodzi, chakudya chilichonse choyezedwa pasikelo, dokotala akuyang'anira. Kamabweretsa kudzimbidwa, miyala mu impso, ndi kukwera kwa kolesterolo. Kwa munthu wabwinobwino, ine sindiona chifukwa chodzizunzira chotero.

Amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga monga glibenclamide asayerekeze kusiya sitachi kapena kusala osafunsa dokotala. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L pa kachipangizo koyezera shuga pamabwera thukuta, kunjenjemera ndi mtima kuthamanga. Pansi pa 3.0 ubongo umayamba kuzima: kulankhula zosamveka, ukali wopanda chifukwa, kukomoka. Ngati akutha kumeza, mpatseni magalamu 15 a shuga, omwe ndi masupuni aang'ono 3 kapena 4 m'madzi, muyezenso pakatha mphindi 15, ndipo akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Akakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mgonekeni chammbali, muthamangire naye kuchipatala.

Mayi_Tadala:
Musaiwale ana ali m'mimba, poti ubongo umamangidwa nthawi imeneyo. Chithokomiro, chiwalo cha pakhosi, chimafuna ayodini kuti chipange mahomoni okulitsa ubongo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu apeze mamayikulogalamu 150 patsiku, koma mayi woyembekezera kapena woyamwitsa 250. Mchere wa ayodini uzisungidwa m'chotengera chotseka bwino, kutali ndi chinyezi ndi moto, apo ayi ayodiniyo amauluka. Ayironi nayenso ngwofunika: mwana akafika miyezi 6, amene anabadwa naye amakhala akutha, ndiye pachakudya choonjezera pasasowe nyama, nsomba kapena nyemba zophwanya bwino, pamodzi ndi chipatso cha vitamini C chothandiza kuti ayironi wa m'nyembazo alowe m'thupi.