Ana anga aloweza ziwalo zonse koma sakudziwa chifukwa chake chakudya chimagayidwa. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi_wa_Bio:

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, ndipo teremu ino tili pa mutu wa kagayidwe ka chakudya m'thupi la munthu. Kujambula kokha ana anga amakutha. Chifu amachiika pamalo pake, chiwindi pamwamba chakumanja, matumbo atapindapinda bwinobwino, mayina osaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Tebulo la ma enzyme (mankhwala a m'thupi ophwanya chakudya) nalonso analoweza: amylase, pepsin, trypsin, lipase, ndi zimene aliyense amagaya.

Zimavuta ndikangolitembenuza funso. Ndinawafunsa kuti, "Kodi thupi limavutikiranji kugaya chakudya? Bwanji osangochitenga mmene chilili n'kupita nacho m'magazi?" Ambiri anati chimagayidwa kuti chifewe. Wina anati kuti chisatitsamwe. Nditafunsa kuti chakudya chimalowera pati m'magazi, pafupifupi kalasi yonse inayankha kuti m'chifu. Kwa iwo chifu ndiye mwini ntchito, matumbo ndi kongotulukira zotsala. Chinanso chikundidetsa nkhawa n'chakuti ena amakhulupirira kuti madzi amene timamwa ali ndi njira yawoyawo yochoka m'chifu kupita ku chikhodzodzo, ndipo chimbudzi ndi mkodzo amaziika gulu limodzi.

Labotale ilipo koma zida n'zochepa: ma test tube, ayodini, Benedict's (mankhwala oyezera shuga) pang'ono ndi chotenthetsera madzi. Kalasi ndi yaikulu. Sindikufuna ana okhoza mayeso lero, mawa n'kuiwala. Ndikufuna mwana mimba ikamamulira adziwe zimene zikuchitika mkati mwake. Inu mumayambira pati?

Mayi_wa_Labu:

Aphunzitsi, ine ndimaona kuti gwero la vutoli ndi poyambira. Tikayamba ndi chithunzi cha ziwalo, ana amautenga mutu wonse ngati mndandanda wa mayina. Ine chithunzi ndimachisunga kaye. Ndimalemba mfundo imodzi yokha pamwamba pa bolodi ndipo sindiifufuta mpaka mutu utatha: chakudya chimene chili m'chifu kapena m'matumbo sichinalowebe m'thupi. Ana amatsutsa nthawi yomweyo, ndipo n'zimene ndimafuna. Njira yochoka kukamwa kukafika kotulukira chimbudzi ndi yotseguka mbali zonse ziwiri. Kuti chakudya chifike ku maselo chiyenera kuwoloka khoma la matumbo, ndipo khomalo limalola tizinthu ting'onoting'ono tokha. Starch ndi wamkulu, sangawoloke. Glucose amawoloka. Puloteni sangawoloke, ma amino acid amawoloka. Mwana akagwira zimenezi, enzyme aliyense pa tebulo lija amakhala ndi chifukwa chokhalira pamenepo.

Ngati mungapeze Visking tubing (kachubu kopyapyala kolola tizinthu ting'onoting'ono tokha kudutsa), muikemo starch wosakaniza ndi glucose, mumange mbali zonse, mutsuke kunja kwake bwinobwino, kenako muiviike m'madzi ofunda kwa mphindi 20 kapena 30. Mukayeza madzi akunjawo ndi ayodini sasintha mtundu, kusonyeza kuti starch sanatuluke. Mukawatenthetsa ndi Benedict's amasintha, kuchoka pa buluu kupita ku girini, chikasu mpaka kufiirira. Ana amadzionera okha kuti china chadutsa, china chakanika.

Ikasowa tubing, malovu amakwanira ndi zida zimene mwatchulazo. Konzani starch wosungunula wamadzimadzi, wa 1% basi, chifukwa akakhala wolimba piriyodi idzatha asanasinthe. Ma test tube atatu: loyamba starch ndi malovu, lachiwiri starch ndi malovu owiritsa, lachitatu starch ndi madzi okha. Onse akhale m'madzi ofunda pafupifupi madigiri 37, monga mmene thupi limafundira. Mphindi iliyonse tengani kadontho m'chubu chilichonse n'kukadontheza pa ayodini pa mbale yoyera. Loyamba mtundu wa buluu wakuda uja umanka nuchepa mpaka kutheratu. Awiri enawo amakhalabe akuda. Musawauze chifukwa chake malovu owiritsa alephera, afufuze okha, kenako mawu oti denatured (enzyme yowonongeka ndi kutentha) muwapatse atafika kale pa yankho. Gulu lililonse ligwiritse ntchito malovu a mwana mmodzi, iye yekha ndiye agwire machubuwo ndi kuwatsuka.

Chenjezo limodzi: amylase amaphwanya starch kukhala maltose, osati glucose. Benedict's amasintha mtundu ndi onse awiri, ndiye ana amafulumira kulemba glucose. Amene amamaliza ntchitoyo ndi maltase, ku matumbo aang'ono.

Mphunzitsi_wopuma:

Zimene anena mayiwa ndikugwirizana nazo. Ine ndiwonjezere za chifu, chifukwa ana sangasiye kuchilemekeza mopitirira muyeso mpaka atadziwa ntchito yake yeniyeni.

Ndinkawafotokozera nkhani ya Alexis St. Martin. Mu 1822, pa chilumba cha Mackinac ku America, mnyamatayu anawomberedwa mwangozi ndi mfuti m'mimba. Dokotala wa asilikali, William Beaumont, anamuchiza, koma bala linapola mosiya bowo lolowera m'chifu. Beaumont ankamanga tizidutswa ta chakudya pa ulusi, n'kutilowetsa pabowopo, n'kumatitulutsa pakapita nthawi kuti aone mmene tasinthira. Chachikulu koposa, ankatunga madzi a m'chifu n'kuikamo nyama m'kabotolo kunja kwa thupi, ndipo nyamayo inkasungunuka. Pamenepo zinaoneka poyera kuti chifu sichimangofinya chakudya, muli mankhwala amene amachiphwanya. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1833. Nkhaniyi ana amaimvetsera mwachidwi, ndipo nthawi zonse pamapezeka wofunsa ngati St. Martin, amene anali wantchito wosauka, ankafunadi kuyesedwa chonchi. Funso limenelo musalithawe, ndi labwino.

Kuchoka pamenepo auzeni zimene chifu chimachita, zomwe si zambiri: chimasunga chakudya kwa maola angapo, chimachitakasa, asidi wake wa hydrochloric amapha tizilombo tambiri, ndipo pepsin, amene amagwira bwino ntchito pa pH ya pafupifupi 2, amayamba kuphwanya mapuloteni. Kuyamba chabe. Amylase wa m'malovu akafika mu asidimo amasiya ntchito. Wina adzafunsa kuti nanga chifu sichidzigaya chokha bwanji, poti nachonso ndi nyama. Yankho ndi mucus, madzi oterera amene amakuta khoma lake. Ine pamenepa ndinkatchula Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia, amene anasonyeza kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Marshall anachita kumwa dala bakiteriyayo mu 1984 kuti anthu akhulupirire, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Pomaliza tengani chingwe ndi tepi yoyezera mutuluke nawo panja. Mmero masentimita pafupifupi 25, matumbo aang'ono mamita pafupifupi 6, matumbo aakulu mita imodzi ndi theka. Ana agwire chingwecho atachitambasula. Afunseni kuti, ngati ntchito yonse imathera m'chifu, mamita 6 amenewa ndi a chiyani?

Achemwali_a_Sayansi:

Aphunzitsi, pa Visking tubing ndichenjezeko pang'ono. Ndi yothandiza, koma ana ena amachokapo akuganiza kuti matumbo ndi sefa basi, zinthu zimangodutsa zokha. Muwapatse mpata atchule okha pamene tubing ikusiyana ndi matumbo enieni: ilibe ma villi (tinthu tangati tizala ta pa khoma la matumbo aang'ono), ilibe magazi oyenda amene amachotsa msanga zimene zadutsa, ndipo ilibe maselo amoyo amene amagwiritsa ntchito mphamvu kukoka glucose ngakhale atachepa m'matumbomo. Funso limeneli limabweranso pa mayeso. Za ma villi ine ndimabweretsa thaulo ndi nsalu wamba zofanana kukula, n'kufunsa kuti n'chiyani chimamwa madzi ambiri ndipo chifukwa chiyani.

Tebulo la ma enzyme musalitaye ayi. Lidzafunika. Kungoti alidzaze okha pang'onopang'ono pamene mukuyenda ndi chakudya, asalilandire lathunthu tsiku loyamba.

Pa nkhani ya madzi ndi mkodzo, palibe chachidule. Muwapatse choko alondole dontho la madzi pa bolodi kuyambira kukamwa. Ambiri amayamwidwa m'matumbo aang'ono, otsala m'matumbo aakulu, onse amalowa m'magazi, amazungulira thupi, kenako impso zimasefa magaziwo n'kupanga mkodzo. Adzafunafuna njira yochoka m'chifu kupita ku chikhodzodzo ndipo sadzaipeza. Pamenepo kusiyana kwa egestion (kutulutsa zosagayidwa) ndi excretion (kutulutsa zotayidwa zopangidwa m'maselo) kumamveka: mbali yaikulu ya chimbudzi ndi zinthu zimene sizinalowepo m'maselo, monga fibre ndi mabakiteriya a m'matumbo, pamene urea wa mu mkodzo anapangidwa m'chiwindi kuchokera ku ma amino acid otsala.

Ndulu nayonso imawasokoneza kwambiri. Amalemba kuti ndi enzyme, ndipo amaganiza kuti imapangidwa m'kathumba kake kaja. Imapangidwa m'chiwindi, kathumbako kamangosunga. Ntchito yake ndi kumwaza mafuta akhale timadontho ting'onoting'ono kuti lipase apeze pogwira pambiri, komanso imathandizana ndi madzi a pancreas kuchepetsa ukali wa asidi wochoka m'chifu. Mabotolo awiri a madzi ndi mafuta, limodzi mudonthezemo sopo wamadzi, mugwedeze onse, muwasiye pa tebulo. Lopanda sopo mafuta amabwerera pamwamba msanga.

Mphunzitsi_wa_Bio:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza. Ndiyamba ndi chiganizo cha pa bolodi chija ndi machubu atatu a malovu, chingwe chibwere pambuyo pa nkhani ya St. Martin. Tebulo tiliyambanso lopanda kanthu.

Achemwali, pali pena pamene ndikufuna mundiunikire. Glucose ndi ma amino acid ndimawaphunzitsa mosavuta: amalowa m'timitsempha ta magazi ta mu villus n'kupita ku chiwindi kudzera mu hepatic portal vein. Koma mafuta akalowa mu lacteal, kamtsempha ka pakati pa villus konyamula madzi otchedwa lymph, ana amandifunsa kuti amakathera kuti, ndipo mutu wa lymph sitinaufike. Inu mumawauza zingati pa siteji imeneyi?

Achemwali_a_Sayansi:

Zochepa, koma zoona. Ndimawauza kuti ma fatty acid ndi glycerol akalowa m'maselo a khoma la matumbo amalumikizidwanso kukhala mafuta, n'kukutidwa m'timibulu tokulirapo moti sitingalowe m'timitsempha ta magazi tija. N'chifukwa chake timalowa mu lacteal, timayenda ndi lymph, n'kukatsanulidwa m'magazi mu mtsempha waukulu wa pansi pa khosi chakumanzere. Ndimajambula muvi umodzi kuchoka pa villus kukafika pamenepo, ndipo ndimawauza asiye malo m'kope pambali pa muviwo kuti tidzadzaze tikafika pa mutu wa kayendedwe ka magazi.